Odwala COVID pa OPD (poonera odwala osagonekedwa): ndani abwerere kunyumba, ndani timusunge?

CO wa pa OPD:

Anzanga, moni nonse, ndine clinical officer (CO) woona odwala pa OPD. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonseyi, ndipo ndikupempha tithandizane nzeru.

Masabata atatu apitawa anthu a chimfine ndi chifuwa achuluka pachipatala pathu, ndipo tikawayeza ena akupezeka ndi COVID. Ambiri ndi achinyamata, amachira okha. Koma Lolemba la sabata yatha kunabwera bambo wina wa zaka 46, wapansi, yekha, akulankhula bwinobwino. Anati mutu, kuphwanya m'thupi ndi chifuwa chouma, tsiku lachinayi la matenda. Malungo sanapezeke, COVID inapezeka. Nditsegule kabuku kake ka chipatala, munalibe china koma bala lomwe anasokedwa kalekale. Mzere unali utatulukira pakhonde. Ndinamulembera panado, ndinamuuza kuti akapume, azimwa madzi ambiri ndi kuvala masiki, basi ndinaitana wotsatira.

Lachisanu anabwera naye pa njinga yamoto, atamumangirira ndi nsalu kumsana kwa woyendetsa, mkazi wake atakhala kumbuyo akumugwira mutu. Milomo itauma gwaa, akupuma maulendo 36 pa mphindi, oximeter (kachida ka pachala koyezera okosijeni m'magazi) ikusonyeza 81. Glucometer yoyezera shuga inangolemba HI, kutanthauza kuti shuga wakwera kupitirira pomwe imatha kuwerenga. Tinamuika pa concentrator (makina opereka okosijeni), tinamuika drip, ambulansi inafika patatha maola atatu. Ali moyo, ali ku ward ku boma, koma anatsala pang'ono kutisiya.

Mkazi wake ndi amene anandiuza kuti kwa miyezi ingapo bamboyo amadzuka kangapo usiku kukataya madzi, ludzu silimamuthera, ndipo lamba anachita kubowola kachibowo kena chifukwa chowonda. Lolemba lija ine sindinafunse chilichonse cha izi.

Vuto langa ndi ili: oximeter ndili nayo imodzi, mabedi osungirapo odwala awiri, ambulansi timagawana ndi zipatala zina. Sindingatumize aliyense ku boma, komanso ndaona kuti kuyang'ana zaka ndi kabuku kokha kwandinamiza. Inu mumasankha bwanji?

Sister wa kiliniki ya shuga ndi BP:

Pepani achimwene, ndipo mwachita bwino kuibweretsa pano m'malo mokhala nayo nokha.

Ine ndiyambire pa kabukuko. Kabuku kopanda kanthu sikatanthauza kuti munthu alibe matenda, kamangotanthauza kuti sanayezedwepo. Odwala shuga ambiri amene ndimawaona Lachitatu lililonse anadziwa za matenda awo tsiku lomwe anagwa ndi china chake, kaya malungo, kaya chilonda chapaphazi chosapola. Mndandanda wa matenda owonjezera chiopsezo umayenda bwino kumene munthu aliyense amadziwa kale zomwe akudwala. Kuno ukafunsa kuti “muli ndi shuga?” adzakuyankha kuti ayi, ndipo sakunama, sakudziwa basi.

Ndiye ine sindifunsa dzina la matenda. Ndimafunsa kuti usiku mumadzuka kangati kukakodza, ludzu likumakuvutani, zovala zayamba kukhwefuka, maso akuchita chidima. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi. Akavomera chimodzi, mubayeni chala. Shuga wofika 200 mg/dL, kapena 11.1 ngati makina anu amawerenga mu mmol/L, pa munthu amene ali ndi zizindikirozi, ameneyo musamubweze ndi panado yekha. COVID yokha imakweza shuga, ndipo shuga wokwera amafooketsa thupi pa nkhondo yolimbana ndi kachiromboka. Ziwirizi zimakokerana pansi.

BP nayonso yezani onse amene apezeka ndi COVID. Ambiri anasiya mankhwala atangomva bwino.

MA wa chipatala chakumudzi:

A Sister, ine monga medical assistant (MA) ndikuti zomwe mukunenazo ndi zoona, koma ma strip oyezera shuga ali kuti? Kwathu kabotolo kamodzi timagawana ndi maternity. Ndikabaya aliyense wa chifuwa, pofika pakati pa mwezi mayi wina akadzakomoka usiku ndidzamuyeza ndi chiyani?

Sister wa kiliniki ya shuga ndi BP:

Sindikuti aliyense wa chifuwa ayi. Amene COVID yapezeka, ndipo pa iwowo amene apitirira zaka 40, onenepa kwambiri, ndi amene avomera mafunso aja. Muwerenge, muona kuti pa tsiku si anthu ambiri. Ma strip akathadi, dipstick ya mkodzo imaonetsa shuga ndi ma ketone (chizindikiro choti shuga wafika poipa). Siyofanana ndi kuyeza magazi, koma munthu ngati bambo uja ikanamugwira.

Dokotala wa ku ward:

Ndawerenga zonse. Ndikuona ngati tikusakaniza mafunso awiri, ndipo tikawasiyanitsa ntchito ipepuka.

Funso loyamba: munthuyu wadwalika kale panopa? Apa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena momveka. Munthu wamkulu amene ali ndi zizindikiro za chibayo, ndipo okosijeni wake ali pansi pa 90 asanapatsidwe mpweya, kapena akupuma maulendo oposa 30 pa mphindi, kapena akubanika koonekeratu, ameneyo ndi wodwalika. Palibenso zofunsa zaka kapena matenda ena. Muikeni pa mpweya, itanani ambulansi. Onjezanipo wobalalika mutu, wolephera kuima, wa BP yapamwamba yotsika pansi pa 90, ndi amene sanakodze tsiku lonse.

Funso lachiwiri ndi lanu, achimwene: sanadwalike, koma ndani adwalike masiku akubwerawa? Mu November 2023 WHO inagawa odwala otere m'magulu atatu. Amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chofooka kwambiri anawaika pamwamba, mwayi wogonekedwa m'chipatala pafupifupi 6 pa 100 aliwonse. Pakati anaikapo opitirira zaka 65, onenepa kwambiri, a shuga, a matenda okhalitsa a m'mapapo, impso ndi chiwindi, a khansa ndi olumala, pafupifupi 3 pa 100. Ena onse ali pansi, munthu mmodzi pa 200. Manambalawa akutiuza kuti ngakhale m'gulu loopsa ambiri amachira kunyumba. N'chifukwa chake sitingawatumize onse ku boma. Chofunika n'kuwadziwa ndi kuwaonanso pa nthawi yoyenera.

Nthawi yoyenerayo ndi imene ambiri timaiphonya. Matendawa amakonda kutembenuka kumapeto kwa sabata yoyamba kulowa yachiwiri, kuyambira tsiku lachisanu mpaka cha m'ma tsiku la khumi. Bambo wanu munamuona tsiku lachinayi, mapapo asanayambe kudandaula. Anabweranso tsiku lachisanu ndi chitatu. Wodwala wa tsiku lachitatu amene akuoneka bwino sanadutse pangozi, sanafikepo. Wa tsiku la 12 amene akuoneka bwino, mwina wawoloka. Choncho lembani m'kabuku tsiku lomwe zizindikiro zinayamba, osati tsiku lomwe wabwera.

Pa zaka, ine pandekha sindidikira 65 kapena 60. Mu January 2021, nthawi imene matendawa anavuta kwambiri mpaka boma kulengeza kuti dziko lili pangozi, amene ndinawaona akuthera pa mpweya ambiri anali a zaka za m'ma 40 ndi 50, a shuga ndi BP zosasamalidwa. Ine munthu wa zaka 50 ndimayamba kumuyang'ana kawiri. Awa ndi maganizo anga ochokera ku ward, si lamulo lolembedwa.

CO wa pa OPD:

Adokotala, za tsiku la matendazo zandilowa. Ndimalemba “masiku anayi” mwachizolowezi koma sindinaganizepo kuti nambalayo izindiuza tsiku loti munthu abwerenso.

Namwino wa ART:

Ndilowepo pa gulu lapamwambalo, chifukwa kwa ife gulu limeneli nthawi zambiri si anthu oikidwa impso ya munthu wina ngati kumayiko olemera. Ndi munthu amene ali ndi HIV koma sakudziwa, kapena anasiya ma ARV.

Kafukufuku wamkulu wa ku Western Cape ku South Africa mu 2020 anapeza kuti HIV imachulukitsa pafupifupi kawiri mwayi womwalira ndi COVID, ndipo amene anali akudwala TB pa nthawiyo chiopsezo chawo chinali choposa kawiri. Ngakhale amene anadwalapo TB kale n'kuchira anali pachiopsezo chokwererapo. Koma tisawaike onse m'thumba limodzi. Mayi amene akumwa ma ARV a TLD mokhulupirika, viral load yake (kuchuluka kwa kachirombo m'magazi) yosaoneka, thupi lili bwino, ndi wosiyana kutalitali ndi mnyamata amene anasowa ku kiliniki chaka chatha, wawonda, m'kamwa muli zoyera, CD4 (nambala ya asilikali a m'thupi) ili pansi pa 200. Woyambayo ndimamulangiza, n'kumupatsa mankhwala okwanira kuti asasowe. Wachiwiriyo sindimulola kuchoka.

Vuto la pa OPD n'lakuti chitseko chimakhala chotsegula, wotsatira waima pakhomo akumva zonse. Munthu sangakuuzeni pamenepo kuti anasiya ma ARV. Ambiri amakhalanso ndi timabuku tiwiri, ndipo ku OPD amabweretsa kopanda chizindikiro chilichonse. Tsekani chitseko, tsitsani mawu, funsani kuti “pali mankhwala amene mumamwa tsiku lililonse, kapena amene munkamwa n'kusiya?” Amene sanayezetse posachedwa, mutumizeni akayezedwe tsiku lomwelo asanatuluke pageti.

China chimene chimandiopsa ine: COVID ikapezeka, maso athu amatsekeka. Munthu wa CD4 yotsika amene akubanika akhoza kukhala ndi PCP (chibayo chogwira ofooka chitetezo) kapena TB, COVID ili pamwamba chabe. Ngati chifuwa chinayamba kale chimfine chisanabwere, akutuluka thukuta usiku, akuwonda, tengani makhololo apite ku GeneXpert, makina oyezera TB. Kumene kuli urine LAM (yoyezera TB mu mkodzo) ndi CrAg (yoyezera cryptococcus, yoyambitsa matenda oumitsa khosi), gwiritsani ntchito pa odwalika a HIV.

MA wa chipatala chakumudzi:

Chimodzimodzi malungo, koma mbali inayo. mRDT yoyezera malungo ikapezeka positive timangopereka LA n'kuiwala zina zonse. Mwezi watha agogo ena ndinawapatsa LA, anamwa yonse, koma kupuma kumangoipiraipira. Munthu akhoza kukhala nazo zonse ziwiri. Panopa wa malungo amene akukhosomola ndimamuwerenga kapumidwe asanatuluke.

Mzamba:

Musatiiwale ife a ku maternity. Mayi woyembekezera, makamaka miyezi itatu yomaliza, ndi amene wangobereka m'masabata asanu ndi limodzi apitawa, ali pachiopsezo ngakhale ali ndi zaka 24 ndipo akuoneka wamphamvu. Mimba ikakula mapapo amasowa malo, magazi amaundana msanga. Akakhala woposa zaka 35, wonenepa, wa shuga kapena wa BP, chiopsezo chimakwereranso.

Nambala ya 90 ija si ya mayi wapakati. Iye timafuna okosijeni akhale 92 mpaka 95 kapena kuposa, chifukwa akupumira anthu awiri. Ndipo chonde mutu wa mayi woyembekezera musamangouika pa COVID. Yezani BP ndi mkodzo, mwina ndi pre-eclampsia, BP yokwera chifukwa cha mimba. Funsani ngati mwana akusewera m'mimba. Mutitumizire uthenga, tibwera kudzamuonera komweko m'malo momulowetsa pa benchi ya sikelo pakati pa amayi ena.

Dokotala wa ku ward:

Popeza tonse tatsamira pa oximeter, tikambirane za kachidako, chifukwa kamanama.

Kumapeto kwa 2020 madokotala a ku Michigan ku America anayerekeza zomwe oximeter imasonyeza ndi mpweya weniweni woyezedwa m'magazi. Anapeza kuti pa anthu akhungu lakuda, kachidaka kamasonyeza nambala yabwino pomwe mpweya uli wotsika pafupifupi katatu kuposa pa azungu. Odwala athu onse ndi akhungu lakuda. Ndiye 92 kapena 93 ine sindiitenga ngati nkhani yabwino. Munthu wa 90 mpaka 93 amene alinso ndi shuga, HIV yosasamalidwa, mimba kapena ukalamba, ndimamuona ngati wofunika bedi.

Kayezedwenso n'kofunika. M'mawa kukazizira zala zimakhala zozizira, kachida kamalephera kugwira. Muuzeni apukute manja atenthe, akhale phee, dzanja pachifuwa kapena pantchafu, chala chapakati, chopanda utoto wa zikhadabo. Dikirani nambala ikhazikike, musalembe yoyamba kutuluka. Yerekezani kugunda kwa mtima komwe kachida kakusonyeza ndi komwe mukumva pamkono. Zikasiyana kwambiri, nambala ya okosijeniyo ikayikireni. Wochepa magazi kwambiri akhoza kusonyeza 98 pomwe thupi likusowa mpweya, choncho yang'anani zikope ndi zikhatho.

Chinthu china chomwe COVID inatiphunzitsa: munthu akhoza kukhala pa 85 akucheza pafoni, osadandaula kubanika. Mukadikira kuti anene yekha, muchedwa. Kapumidwe werengani mphindi yathunthu, wodwala asakudziwa kuti mukuwerenga. Ine ndimagwira mkono ngati ndikumva mtima, maso ali pachifuwa.

Amene akusonyeza 94 kapena kuposa atakhala pansi, koma ali m'gulu lachiopsezo, muyendetseni masitepe 40 muli pambali pake, kachida kali kuchala. Ikatsika ndi 3 kapena kuposa, mapapo ayamba kuvutika. Wobanika kale musamuyendetse.

MA wa chipatala chakumudzi:

Ndivomere chinthu chimodzi pano kuti mundiwongole. Anthu achiopsezowa, powabweza kunyumba ndakhala ndikuwapatsa mankhwala ochepetsa kutupa a prednisolone kapena dexa (dexamethasone) a masiku asanu pamodzi ndi antibiotic ya azithromycin, kuti ndiwatchinjirize zisanafike poipa. Maganizo anga anali oti ambulansi ili kutali, bola ndiyambiretu.

Wa ku pharmacy:

Achimwene, mtima wanu ndaumva, koma chonde siyani lero lomwe.

Kafukufuku wa RECOVERY ku Britain mu June 2020 anaonetsa kuti dexamethasone, 6 mg pa tsiku mpaka masiku khumi, imachepetsa imfa pa odwala amene ali pa okosijeni kapena pa makina opumira. Pa amene sankafuna okosijeni sinathandize, ndipo panali zizindikiro zoti mwina imawapweteka. N'chifukwa chake WHO imati asapatsidwe amene sanadwalike. M'masiku oyamba thupi limafunika chitetezo chake kuti lilimbane ndi kachiromboka, inu mukuchitsitsa. Tsono taganizani bambo wa CO uja, shuga wake wosadziwika, atapita kunyumba ndi dexa. Akanafika Lachisanu? Wa TB yobisika nayenso mungamuipitsire. Wa mphumu amene yamugwira, imeneyo ndi nkhani ina, prednisolone ndi mankhwala ake.

Azithromycin anaiyesanso, sinathandize pa COVID. Antibiotic perekani mukaona zizindikiro za chibayo cha mabakiteriya, motsatira buku lathu la malangizo. Tikamwaza pa chimfine chilichonse, mwana wa chibayo akadzabwera shelefu idzakhala mbee.

Mankhwala amene anapangidwiradi anthu achiopsezo osadwalika ndi nirmatrelvir ndi ritonavir, aja a Paxlovid, ndipo amayenera kuyambika m'masiku asanu oyamba. Zipatala zing'onozing'ono zambiri sitinawaonepo. Ngati kwanu alipo, kumbukirani kuti sayenda ndi rifampicin, ndiye wa mankhwala a TB sangamwe. Sayendanso ndi carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone, zomwe odwala khunyu athu ambiri amamwa. Wa impso zofooka mlingo umasintha. Ndi dolutegravir wa m'ma ARV a TLD alibe vuto.

Wa shuga womwa metformin amene akusanza, wauma m'thupi kapena mpweya watsika, muimitseni kaye ndipo ameneyo ndi wotumiza.

MA wa chipatala chakumudzi:

Ndamva, ndasiya. Koma funso langa likadalipo: ndikapanda kumupatsa kanthu, wokhala kutsidya kwa mtsinje ndimutchinjiriza ndi chiyani?

Mkulu wa alangizi a zaumoyo:

Apa ndi pamene ife tingalowe, akuluakulu, mukatilola.

Pa zonse mwatchulazi palibe amene wanena za mtunda, koma kwa ine ndi chiopsezo chachikulu kuposa zina. Anthu awiri a shuga ofanana, wina amakhala kuseri kwa chipatala, wina ayende maola atatu ndipo mvula ikagwa mtsinje suwolokeka, amenewa si ofanana. Funsaninso kuti kunyumba akhala ndi ndani. Agogo ambiri amakhala ndi tizidzukulu tokha. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu sangadziwe kuti agogo akupuma mofulumira, amangoti agona. Okalamba kawirikawiri satentha thupi n'komwe. Amangosiya kudya, kugona usana wonse, kulankhula zosagwirizana, ndipo apabanja amati ndi ukalamba.

Ife tili ndi ma timer aja a ku village clinic owerengera kapumidwe ka ana, amalira mphindi ikakwana. Munthu wamkulu tingamuwerengenso ndi omwewo. Mukatipatsa dzina, mudzi ndi tsiku lomwe matenda anayamba, mlangizi wa dera limenelo akhoza kukamuona tsiku lachisanu ndi chimodzi ndi lachisanu ndi chitatu, atavala masiki, atakhala panja. Koma mutiuze nambala yomveka yoti tikaipeza titumize, ndipo musatipatse mayina makumi atatu pa sabata, sitingakwanitse. Tipatseni amene mukuwadera nkhawa zenizeni.

Za zaka, okalamba ambiri sadziwa zaka zawo, amangoti “ndine wamkulu.” Apempheni chitupa cha unzika, chili ndi chaka chobadwa. Za katemera funsani ndithu, koma ambiri anabayitsa kamodzi mu 2021 kapena 2022 basi, ndipo ena sanabayitsepo. Wosabayitsa amene sanadwalepo COVID muikeni patsogolo.

Komanso amayi achikulire amene aphika pa nkhuni m'kakhitchini kotseka moyo wawo wonse, ndi abambo amene anagwirapo ntchito m'migodi, ambiri ali ndi chifuwa cha zaka chomwe palibe anachipatsa dzina. Osuta fodya chimodzimodzi.

Dokotala wa ku ward:

Bambo, mwanena chinthu chomwe mabuku athu salemba. Kwa alangizi ndinganene kuti munthu wamkulu wopuma maulendo 25 kapena kuposa atakhala phee abwere kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire 30, chifukwa ulendo wokha udya maola. Wolephera kumaliza chiganizo osapumira pakati, wolephera kuyenda kukafika kuchimbudzi pomwe dzulo amatha, wosokonezeka, wopweteka pachifuwa, wosiya kumwa madzi, onsewo anyamuke.

CO wa pa OPD:

Zikomo nonse. Ndakhala pansi ndi in-charge wathu masana ano, ndipo tagwirizana motere, mundiwongole pomwe talakwitsa.

Oximeter ichoka m'thumba mwanga ipita pa tebulo lolandirira odwala. Onse a chifuwa ndi kutentha thupi akhala pa benchi yawo panja pomwe pali mphepo, ndipo namwino kapena wothandizira odwala amene tamuphunzitsa aziyeza okosijeni, kapumidwe ndi BP munthu asanalowe kwa ine, n'kulemba tsiku lomwe matenda anayamba. Wa pansi pa 90 kapena wopuma kuposa 30 sadikira mzere. Ine ndizifunsa mafunso a Sister aja, a mankhwala a tsiku ndi tsiku chitseko chili chotseka, za TB yakale, za mimba, ndi za mtunda. Wopanda chiopsezo chilichonse, wa 94 kupita m'mwamba, apita kunyumba ndi malangizo. Wachiopsezo ndimuyeza shuga, ndimuyendetsa masitepe aja, akakhoza apita kunyumba koma abwerenso pakatha masiku awiri, dzina lake lipita kwa alangizi. Wachiopsezo wa 90 mpaka 93 atumizidwa. Wakutali amene ndikumukayikira agona pabedi lathu usiku umodzi.

Namwino wa ART:

Zili bwino, koma pa dzina lopita kwa alangizilo musalembe chifukwa chake. Ingolembani kuti “wofunika kuonedwa.” Za HIV ya munthu zisayende pa kapepala kapena pa WhatsApp. Ndipo mufunseni wodwalayo kaye ngati akulola kuti mlangizi afike pakhomo pake.

Sister wa kiliniki ya shuga ndi BP:

Ine “abwerenso pakatha masiku awiri” yandivuta pang'ono. Munthu wofooka, wopanda ndalama ya njinga, sabweranso mpaka zitafika poipa. Wapafupi abwere, wakutali amupitire alangizi. Ndipo malangizo musamuuze wodwala yekha, mpweya ukatsika mutu sugwira bwino. Itanani womudwazika alowe, muuzeni, kenako anene yekha zomwe wamva. Ine ndimati, “Tandiuzani mayi, mukaona chiyani usiku muwanyamule bambowa?” Akayankha bwino ndiye ndimawalola kupita.

Kachida kaja muzikapukuta ndi spirit pakati pa odwala, ndipo mabatire osungira akhale m'dirowa ya in-charge.

Mzamba:

Pa tebulo lolandiriralo mayi aliyense wa msinkhu wobereka afunsidwe za mimba ndi za kubereka posachedwa. Wa masabata awiri chiberekere saoneka ndi maso, makamaka akasiya mwana kunyumba.

MA wa chipatala chakumudzi:

Nanga podikira ambulansi maola atatu aja, magetsi atazima, concentrator itaima?

Dokotala wa ku ward:

Silinda ya okosijeni ngati ilipo isungidwire nthawi imeneyo, ndipo muziyang'ana geji yake m'mawa uliwonse, osati wodwala atafika. Amene ali maso ndipo akutha kudzitembenuza yekha, mugonekeni chafufumimba, pilo pansi pa chifuwa, okosijeni amakwerako ndithu. Akatopa agone cham'mbali. Wapakati agone chakumanzere. Wosokonezeka kapena wosanza musamugoneke chafufumimba. Drip musathamangitse pa munthu amene sanaume m'thupi ndipo BP ili bwino, mapapo amadzaza madzi. Wa shuga wa HI wouma ngati bambo uja ndiye amafuna madzi. Amene ali pa okosijeni, dexa uja ndi pamene amagwira ntchito, mupatseni mlingo woyamba n'kulemba nthawi pa kalata, shuga mutamuyeza. Ndiimbireni musananyamuke kuti ndikonze bedi la pafupi ndi mpweya.

CO wa pa OPD:

Ndabweranso patatha sabata kuti ndikuuzeni momwe zayendera.

Lachiwiri kunabwera mayi wa zaka 52, tsiku lachisanu ndi chimodzi la matenda, wonenepa, akuseka ndi anzake pa benchi. Atakhala pansi 95, kapumidwe 24. Kale ndikanamubweza. Nditatseka chitseko anandiuza kuti anamwapo mankhwala a TB zaka zapitazo. Ndinayenda naye pakhonde, tisanafike pa thanki ya madzi nambala inali 89, iye akuti ali bwinobwino, angotopa pang'ono. Anakana kutumizidwa poyamba chifukwa cha ana kunyumba. Ndinamuonetsa nambalayo ndi maso ake, tinaitana mchemwali wake, anavomera. Usiku womwewo ku boma anamuika pa mpweya.

Kwa alangizi ndapereka mayina asanu ndi limodzi. Anayi ali bwino, mmodzi anamubweretsa tsiku lachisanu ndi chiwiri akupuma 28, mmodzi sanamupeze pakhomo, akuti anapita kwa mwana wake, tikumufufuzabe.

Chomwe sichinatheke ndi usiku ndi Loweruka. Oximeter ikakhala pa tebulo la OPD, wa night amaisowa, ikapita ku maternity m'mawa timachita kuifunafuna. Talemba kalata yopempha ina. Pakadali pano taimangirira chingwe ndi kabuku kosainira popatsirana.

Dokotala wa ku ward:

Mayi wanuyo akupeza bwino, tayamba kumutsitsira mpweya, makhololo tatumiza ku GeneXpert. Bambo uja watuluka dzulo, akuyenda yekha. Tamuyambitsa insulin, mkazi wake waphunzira kubaya. Shuga akhoza kusintha tsopano poti dexa watha, ndiye asadikire mwezi. A Sister, mungamuone sabata ino?

Sister wa kiliniki ya shuga ndi BP:

Abwere Lachitatu m'mawa asanadye, atenge kalata ya ku ward, insulin yake ndi majakisoni omwe akugwiritsa ntchito kuti ndione momwe akubayira. Mkazi wake abwere naye, nayenso ndimuyeza.